Kodi ndi osowadi, kapena sitinawayang'ane m'maso?

Tiyambe ndi samu. Musadandaule, ndi yapafupi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Dowa lili ndi anthu 772,569 pomwe la Ntchisi lili ndi 317,069. Mukaphatikiza mupeza anthu opitirira pang'ono 1 miliyoni, kuyambira ku Madisi ndi Mponela, kudutsa ku Mvera, mpaka ku Malomo ndi kuseri kwa phiri la Ntchisi. Tsopano tengani matenda otchedwa neuromyelitis optica, mwachidule NMO, omwe mabuku a madokotala amawaika m'gulu la matenda osowa. Mu 2016 akatswiri anafalitsa zomwe anapeza atawerenga odwala matendawa m'malo awiri. M'dera la Olmsted ku America, komwe ambiri ndi azungu, anapeza anthu pafupifupi 4 pa 100,000 alionse. Pa chilumba cha Martinique, komwe ambiri ndi akuda, zidzukulu za anthu omwe anatengedwa ukapolo kuno ku Africa, anapeza 10 pa 100,000.

Ziwerengerozi ndangobwereka kwa eni ake, si zathu. Komabe ziikeni pa anthu a m'maboma athu awiri aja muone. Mupeza anthu a pakati pa 40 ndi 110. Imeneyo ndi kalasi imodzi kapena awiri a Fomu 1 pa sukulu ya CDSS. Ndiye ine ndikamva mawu oti "osowa" sindithamangira kuvomera. Chinthu chimasowa pawiri: mwina kulibedi, mwinanso chilipo koma palibe akuchifunafuna. Maganizo anga ndi oti kafukufuku wojambula mkati mwa diso pofuna kumvetsa matenda ngati NMO si zoseweretsa za mayiko olemera. Akutikhudza, ndipo Malawi ali ndi chifukwa choposa mayiko ambiri chomukhulupirira. Chifukwacho ndichifika, koma poyamba timvane za matendawo.

Chitetezo cha m'thupi munachiphunzira mu Biology. Thupi limapanga ma antibody, timapuloteni tomwe timazindikira mdani, kaya ndi kachilombo ka chikuku kaya ndi bakiteriya, n'kumukakamira mpaka aphedwe. Nthawi zina chitetezochi chimasokonezeka n'kuyamba kuluma mwini wake, ngati galu wapakhomo yemwe wachita chiwewe. Matenda oterewa pa Chingerezi amati autoimmune. Mu NMO, ma antibody amalimbana ndi puloteni yotchedwa aquaporin-4, yomwe ndi kakhomo kolowera ndi kutulukira madzi m'maselo ena osamalira ubongo otchedwa astrocyte. Timakomo timeneti tachuluka mu mtsempha wa diso, mu chingwe cha uthenga chomwe chimadutsa mkati mwa fupa la msana, komanso pa kamalo kena m'munsi mwa ubongo komwe kamalamulira kusanza. Zizindikiro zimatsata malo omwewo. Diso limayamba kupweteka ukamalitembenuza, kenako m'masiku ochepa limachita chifunga. Kapena miyendo imachita dzanzi n'kufooka, mkodzo osatuluka. Kapena munthu amagwidwa chidikwidikwi ndi kusanza kosatha kwa masiku ambiri, m'mimba mulibe vuto lililonse. Mwa odwala 10 omwe amapezeka ndi antibody ameneyu, pafupifupi 9 ndi akazi.

Tangoganizani mtsikana wa Fomu 3 wa kuseri kwa Kongwe: mwezi uno chidikwidikwi chosatha, miyezi itatu kutsogoloku diso lamanzere lazima, chaka chamawa miyendo yakana. Kumudzi anganene kuti chiyani? Nonse mukudziwa. Pangapezeke agogo ena oloza chala, ndipo banja lingathe nkhuku ndi mbuzi kuyendera ula. Chonsecho zizindikiro zitatuzi ndi za nthenda imodzi yomwe ili ndi dzina komanso mankhwala. Madokotala a ku Mayo Clinic ku America, powerenga odwala a nthawi yomwe mankhwala a masiku ano kunalibe, anapeza kuti pomatha zaka zisanu oposa theka la omwe matendawa ankawabwererabwerera anali atachita khungu diso limodzi kapena onse, kapena sankathanso kuyenda okha. NMO simadya munthu pang'onopang'ono. Imabwera ngati chigumula, kuwononga, kupita, n'kudzabweranso, ndipo chilichonse chomwe yatenga sichibwerera chonse.

Dokotala wa ku Lyon ku France, Eugène Devic, ndi wophunzira wake Fernand Gault, ndi omwe anafotokoza matendawa mu 1894. Kwa zaka zoposa 100 madokotala ambiri ankawatenga ngati mtundu chabe wa matenda ena otchedwa multiple sclerosis, mwachidule MS, omwe ndi ofala kwa azungu a kumayiko ozizira. Zinasintha mu 2004 pomwe Vanda Lennon ndi anzake a ku Mayo anapeza antibody uja m'magazi a odwala, ndipo mu 2005 anatsimikiza kuti akulimbana ndi aquaporin-4. Kusiyanitsaku si nkhani ya mayina chabe. Mankhwala ena a MS, monga interferon beta, ukampatsa wa NMO matenda amakula m'malo mochepa. (Pongodutsa: amene anatulukira timakomo ta madzi tija, Peter Agre, analandira mphotho ya Nobel mu 2003, ndipo pambuyo pake anatsogolera bungwe lofufuza za malungo la yunivesite ya Johns Hopkins, lomwe limagwira ntchito ku Macha, kummwera kwa Zambia. Dzikoli ndi laling'ono.)

Nanga diso likubweramo bwanji? Kumbuyo kwenikweni kwa diso, mkati, kuli kansalu kopyapyala kotchedwa retina, komwe kamalandira kuwala. Mwana akamaumbika m'mimba, retina imaphuka kuchokera ku ubongo, moti si kulakwa kunena kuti ndi chidutswa cha ubongo chomwe chinasuzumira kunja. Palibenso pena m'thupi pomwe ungaone mitsempha ya uthenga ndi timitsempha ta magazi ta ubongo popanda kung'amba munthu. Apa ungoyang'ana kudzera pa mwana wa diso basi. Chipangizo choyang'anira, ophthalmoscope, anachipanga Hermann von Helmholtz cha m'ma 1851, sukulu za mishoni zisanafike n'komwe kuno kwathu.

Pamwamba pa retina pamayenda timaulusi ta uthenga toposa 1 miliyoni. Tonse timasonkhana pamalo amodzi n'kutuluka ngati mtolo umodzi, womwe ndi mtsempha wa diso, kupita ku ubongo. Pamalo potulukirapo palibe maselo olandira kuwala, ndipo mutha kudzionera nokha pompano. Jambulani kamtanda kumanzere kwa pepala ndi kadontho kumanja, motalikirana masentimita 8. Tsinzinani diso lamanzere, lamanja liyang'anitsitse kamtandako, ndipo muzisendeza pepalalo pang'onopang'ono kuchokera kutali kubwera kumaso. Likafika cha pa masentimita 30, kadontho kaja kazimiririka. Si matsenga. Chithunzi chake chagwera pakhomo pomwe mtolo uja umatulukira.

Timaulusi timeneti tikatuluka m'diso timavala chikuto chamafuta chotchedwa myelin, ngati pulasitiki wokuta waya wa magetsi. Koma tili mkati mwa retina timakhala tosavala. Ndiye ukayeza kuchindikala kwa mpando wa timaulusiti, ukuyeza mawaya enieniwo, osati pulasitiki. Mwa munthu wabwinobwino, mozungulira khomo lija, mpandowu umachindikala pafupifupi ma micrometre 100, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, ngati tsamba limodzi la kope lanu. Mtsempha ukatupa n'kuwonongeka kuseri kwa diso, timaulusi tomwe taduka timafota mpaka kumizu kwake mu retina, ndipo tsamba lija limapyapyala. Funso ndi loti, ungayeze bwanji tsamba lopyapyala chonchi lili mkati mwa diso la munthu wamoyo?

Yankho ndi makina otchedwa OCT, omwe David Huang, James Fujimoto ndi anzawo a ku MIT ku America anawalengeza mu 1991. Aliyense amene anadyetsapo mbuzi m'mapiri athuwa mfundo yake akuidziwa kale. Ukakuwa moyang'ana thanthwe, mawu amabwerera. Mawu amayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi, ndiye akabwerera patatha masekondi awiri, thanthwelo lili pa mamita 340. OCT imachita chimodzimodzi, koma ndi kuwala. Vuto ndi liwiro. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, moti kudutsa tsamba lija kupita ndi kubwerera kumatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1 thililiyoni a sekondi. Wotchi yakutiyakuti singawerenge zimenezo. Nzeru yomwe anachita ndi iyi: kuwalako amakugawa pawiri. Gawo lina limalowa m'diso n'kubwerera, lina limapita pa kagalasi komwe mtunda wake ukudziwika n'kubwereranso. Kenako amazikumanitsa. Munaponyapo miyala iwiri padziwe? Mafunde akakumana, pena amakwerana n'kukula, pena amafafanizana. Za interference zija za mu Physics, zomwe ena mumangoloweza kuti mukhoze MSCE, ntchito yake ndi imeneyi. Kompyuta imawerenga mmene mafunde a kuwala akumanirana n'kudziwa kuya kwa malo alionse omwe kuwala kwabwerera.

Chithunzi chomwe chimatuluka chimafanana ndi zomwe mumaona pa msewu wa ku Salima, cha ku Chezi ndi Mvera, pomwe anadula phiri kuti msewu udutse: dothi lakuda pamwamba, katondo pansi pake, kenako miyala, mipandomipando. OCT imaonetsa mipando ya retina chonchi, ndipo imayeza uliwonse. Palibe jakisoni, palibe kukhudza diso, palibe ululu. Munthu amangoika chibwano pa kachitsulo, kuyang'ana kanyali, masekondi angapo zatha.

Zomwe ofufuza apeza pogwiritsa ntchito makinawa n'zosangalatsa. Mtsempha ukangotupa, mpando uja umayamba wafufuma kaye, kenako pa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi umaphwa n'kutsala chipsera chenicheni. Mwa odwala MS, diso lomwe linadwala limataya ma micrometre pafupifupi 20. Mwa odwala NMO limataya ochuluka kuposa apo, kawirikawiri mpaka kutsala cha m'ma 60 kapena kucheperapo. Mu 2006 Fiona Costello ndi anzake ku Canada anaonetsa kuti mpandowu ukatsika kupitirira ma micrometre 75, kuona sikubwereranso mwakale. Ili ngati nkhokwe: ukhoza kutapamo kangapo osaona kusintha, koma pali mzere womwe ukaudutsa njala yalowa. Akatswiri a pa chipatala cha Charité ku Berlin anapezanso mu 2017 kuti mwa odwala NMO, kadzenje kapakati pa retina, komwe timaonera zinthu bwinobwino, kamasintha ngakhale m'diso lomwe silinadwalepo. Retina nayo ili ndi maselo ake okhala ndi aquaporin-4, otchedwa maselo a Müller, ndipo akatswiri akukanganabe ngati matendawa amawaluma mwachindunji. Palinso msuweni wa NMO wotchedwa MOGAD, yemwe antibody wake ndi wina ndipo amakonda kugwira ana. Malamulo omuzindikirira anatuluka mu 2023 pomwepa. Sayansi imeneyi ikulembedwa inu muli kale pasukulu.

Apa ndikudziwa kuti wina wakwiya kale, ndipo ndikumumvetsa. Akuti: "Akulu, mukunena za makina a madola masauzande ambirimbiri m'dziko lomwe nthawi zina chipatala chaching'ono chimasowa ndi panado yemwe? Mvula ikagwa ambulansi imakanika kukwera zitunda za ku Ntchisi. Malungo akupha ana, amayi akufera pobereka, inu muli busy ndi anthu 100?" Funso limeneli si lopusa. Ndalama ya zaumoyo ndi chofunda chachifupi, ukafunda kumutu mapazi ali pamtunda. Ndikanakhala kuti ndikupempha OCT pa chipatala chilichonse cha kumudzi, ndikanayenera kusekedwa.

Koma imvani zomwe zinachitika ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth. Kuyambira cha m'ma 1980, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor ankafufuza za malungo a mu ubongo, aja okomola ana. Panali vuto lomwe linkawasowetsa mtendere. Kuno kwathu ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi koma osadwala. Ndiye mwana akabwera atakomoka, magazi n'kuonetsa malungo, ungadziwe bwanji kuti chamukomola ndi malungowo osati china? Kuyambira mu 1993 dokotala wa maso Susan Lewallen ndi anzake analemba zomwe ankaona m'maso mwa anawa: zigamba zoyera pa retina, timadontho ta magazi, ndiponso timitsempha ta magazi tosintha mtundu. Mu 2004 gululi linafalitsa zotsatira za kupima matupi a ana 31 omwe anamwalira madokotala akukhulupirira kuti ndi malungo a mu ubongo. Ana 7 mwa iwo, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse, anapezeka kuti anafa ndi zina. Ndipo chizindikiro chomwe chikanasiyanitsa magulu awiriwa anawo ali moyo chinali m'diso.

Werengani kawiri mfundo imeneyo. Si ku London kapena ku Boston komwe dziko linaphunzira kuti retina imaulula zomwe malungo akuchita mu ubongo. Ndi ku Ginnery Corner, m'maso mwa ana a Chimalawi. Lero ofufuza ambiri a malungo a mu ubongo amanena ngati odwala awo anawayang'ana m'maso. Makina a MRI atafika pa Queens mu 2008, Karl Seydel, Samuel Kampondeni ndi anzawo anajambula ubongo wa ana 168 omwe maso awo anatsimikiza malungo. Lipoti lawo la 2015 linaonetsa kuti mwa ana 25 omwe anamwalira, 21 ubongo wawo unali utatupa kwambiri, pomwe mwa opulumuka otupa chonchi anali 27 pa 100 alionse. Pakanapanda diso kusankha odwala enieni, chithunzichi chikanasokonezeka. Mu 2017 munatuluka lipoti la pulogalamu ya kompyuta yozindikira yokha zizindikiro za malungo pa zithunzi za maso a ana a ku Malawi, ndipo mu 2021 linatuluka la OCT yogwira pamanja, yomwe anajambulira ana okomoka pa Queens pomwepo.

Ndiye amene akuti tisiye za maso tilimbane ndi malungo, mbiri yathu yomwe ikumutsutsa. Luso lake ndi limodzi. Makina ake ndi amodzi. Munthu amene waphunzira kuwerenga retina ya mwana wa malungo ndi yemweyo angaone mtsempha wofota wa mtsikana wa NMO. Ndipo OCT ikakhala pa chipatala chachikulu siingadikire odwala osowa okha. Tsiku ndi tsiku ntchito yake yaikulu padziko lonse ndi ya odwala shuga, omwe retina yawo imatupa, ndi a glaucoma, nthenda yomwe imaba maso mwakachetechete ndipo imavuta kwambiri anthu akuda. Amenewa ndi ambiri, pitani ku Nkhoma kapena ku chipatala cha maso cha Lions pa Kamuzu Central mukaone mzere wake. Wa NMO amangokwera nawo galimoto yomwe inali kale pa ulendo.

Wina anganenenso kuti, kudziwa dzina la nthenda kuli ndi phindu lanji ngati mankhwala ake sitingawakwanitse? Zoona, mankhwala atsopano monga eculizumab, omwe America inawavomereza mu 2019, mtengo wake ndi wongomva. Koma si okhawo. Matenda akangobuka, chithandizo choyamba ndi methylprednisolone wa mu dripi kwa masiku atatu mpaka asanu, ndipo kufulumira ndi masiku ochepa chabe kumasiyanitsa diso loona ndi lakhungu. Poteteza kuti asabwerenso pali prednisolone ndi azathioprine, mankhwala akale omwe mayiko osauka ambiri amagwiritsa ntchito, komanso rituximab komwe akupezeka. Chomwe chimapha maso a anthu ambiri si kusowa kwa mankhwala a mamiliyoni, koma kuti palibe anaganizirako za nthendayi pa nthawi yake.

Pamenepa ndichenjeze, chifukwa ndikuwadziwa ena a inu. Musakagule prednisolone pa golosale kuti mudzichize diso. Mankhwalawa amagonetsa chitetezo cha m'thupi, ndipo ngati chomwe chatupitsa mtsempha ndi TB, chindoko kapena matenda obwera chifukwa cha HIV, mwathira petulo pamoto. Izi zikundifikitsa pa malire a OCT, omwe okonda makina sakonda kuwatchula. OCT imaonetsa kuti timaulusi tafota ndiponso tafota mochuluka bwanji. Siinena chomwe chatifotetsa. Glaucoma imafotetsa. Kusowa vitamini B12 kumafotetsa. Ethambutol, mmodzi mwa mankhwala a TB, nthawi zina amawononga mtsempha wa diso. Kuti utsimikize NMO pamafunika kuyeza magazi kufufuza antibody uja, ndipo kawirikawiri MRI. Chithunzi cha diso ndi mboni imodzi pabwalo, yodalirika, koma mfumu yanzeru sigamula mlandu itamva mboni imodzi.

Ndipo apa ndi pomwe ndikuona kuti kafukufuku wathuwathu ndi wosapeweka. Makina a OCT akayeza diso amapaka mitundu pa zotsatira: wobiriwira ndiye kuti zili bwino, wachikasu zokayikitsa, wofiira zaipa. Amadziwa bwanji? Amayerekeza ndi maso a anthu abwinobwino omwe kampani inawayeza popanga makinawo. Pa makina ena otchuka, Cirrus a kampani ya Zeiss, anthu amenewa anali 284 okha, ndipo akuda anali osakwana mmodzi mwa asanu alionse. Chonsecho kafukufuku waonetsa kuti kachindikalidwe ka retina kamasiyanako pakati pa mitundu ya anthu. Zili ngati kuyeza ufa wa mgaiwa ndi chibaba cha eni ake osafunsa kuti chibabacho n'chachikulu bwanji. Wobiriwira wa makina akhoza kukhala wachikasu kwa mwana wa ku Chinthembwe, kapena wofiira wake n'kukhala wabwinobwino. Palibe wa ku Berlin amene adzabwere kudzatiyezera maso abwinobwino a ku Dowa ngati ife eni sitikufuna.

Chinanso, NMO ya kuno imakumana ndi zinthu zomwe ya ku Ulaya sikumana nazo kawirikawiri. Madokotala a ku Cape Town analemba mu 2011 za odwala omwe NMO inawagwira pamodzi ndi TB ya m'mapapo. A ku Johannesburg anali atalemba kale mu 2001 za odwala akuda omwe matenda awo ankagwira maso ndi msana mosiyana ndi MS ya m'mabuku. Kwa zaka zambiri ophunzira udokotala ankauzidwa kuti matenda a gulu limeneli mu Africa muno mulibe. Ku Zambia, maphunziro a ukatswiri wa ubongo ndi mitsempha atayamba pa University Teaching Hospital ku Lusaka mu 2018, motsogozedwa ndi Deanna Saylor, odwala oterewa anayamba kupezeka ndi kulembedwa. Sikuti matendawo anafika mu 2018. Chinafika ndi anthu odziwa kuwafunafuna.

Ndikanakhala ndi mawu pa ndondomeko ya zaumoyo, sindikanayambira pa makina odula. Ndikanayambira pa tochi. Dokotala wa pa chipatala chaching'ono akawalitsa tochi m'diso limodzi kenako linalo mosinthanasinthana, mwana wa diso lomwe mtsempha wake wadwala amakula m'malo mochepa. Mayeso amenewa ndi aulere. Kenako ophthalmoscope yogwira ntchito m'thumba la aliyense woona odwala ku Mponela, ku Madisi, ku Mtengowanthenga, ku Dzaleka, ku Malomo. Ilipo ina yotchipa yotchedwa Arclight, yotchajidwa ndi dzuwa, yomwe akatswiri a yunivesite ya St Andrews ku Scotland anaiyesa ndi ogwira ntchito za maso a kuno ku Malawi. Pamwamba pa izo ndiye pabwere OCT pa zipatala zazikulu, ya onse, madokotala a maso ndi a ubongo n'kumagawana, pamodzi ndi kaundula wolemba wodwala aliyense woganiziridwa matendawa. Ndipo poyeza maso abwinobwino oti tiziyerekezera, asangotenga a m'tauni okha chifukwa ndi apafupi. Akwere mapiri. Zithunzizo zisungidwe kuno, eni maso atavomereza, ndipo mayina a Amalawi akhale patsogolo pa malipoti, osati kumapeto kothokoza.

Sindikuona chifukwa chonenera kuti sizingatheke. Mu 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wathana ndi trachoma, nthenda ya maso yomwe inkachititsa khungu agogo athu, ndipo pa ntchitoyi panali akatswiri athu monga Khumbo Kalua. Yunivesite ya Mzuzu imaphunzitsa optometry, Malawi College of Health Sciences imaphunzitsa madokotala othandiza a maso, KUHeS imatulutsa madokotala ndi ofufuza. Ntchito yowerenga zithunzi za OCT imafunanso a Physics, a masamu ndi a makompyuta, moti amene mumaopa magazi musadzichotse.

Pakadali pano, pali chomwe mungachite ndi chitsekerero chofiira cha botolo. Mnzanu kapena mchemwali wanu akadandaula kuti diso limodzi likupweteka akamalitembenuza ndipo layamba chifunga, koma kunja likuoneka loyera bwinobwino, losafiira, lopanda manthongo, muuzeni atseke diso limodzi ayang'ane chitsekererocho, kenako asinthe. Ngati ku diso lodwalalo kufiirako kukuoneka kofwifwa, ngati nsalu yochapidwachapidwa, vuto likhoza kukhala mu mtsempha. Musathiremo mkaka wa m'mawere, shuga kapena madzi a masamba, mankhwala othira sangafike komwe kuli vutolo. Apite kuchipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, osadikira kuti mayeso a teremu athe kaye. Akafika anene tsiku lenileni lomwe zinayamba, anene za kupweteka potembenuza diso, atchule mankhwala onse omwe akumwa makamaka a TB, ndipo ngati miyezi yapitayo anavutikapo ndi chidikwidikwi chosatha, kusanza kosadziwika chifukwa, kapena dzanzi m'miyendo, anenenso zimenezo ngakhale dokotala asanafunse. Akapanda kupeza bwino, apemphe kalata yopita kwa dokotala wa maso.